Amene amalondola mwana akatuluka m'chipatala

Dokotala amaona wodwala kwa mphindi zowerengeka, n'kulemba mankhwala m'kabuku ka kuchipatala, n'kuitana wina. Palibe chomudzudzulira, chifukwa panja pali mzere. Koma mnyamata wa zaka 17 amene wayamba kumva mawu a anthu osaoneka, kapena mtsikana wa Fomu 3 amene wasiya kudya ndi kusamba, sachirira m'chipinda cha dokotala. Amachirira kunyumba ndi kusukulu m'miyezi yotsatira, ndipo m'miyezi yomweyo ndi mmene ana ambiri amatayikira. Mu Lilongwe muno muli anthu ochepa amene ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti mwana wotere asatayike. M'mafayilo amalembedwa kuti case manager, koma makolo amangoti aphungu, anesi kapena a sosholo. Ena ndi anamwino a matenda a m'maganizo, ena anaphunzira uphungu ku koleji ya St John of God ku Mzuzu, ena ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu amene anadzera ku Magomero. Bungwe la WHO limati mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo. Aphunguwa sangakwanire, koma luso lawo ndi loyenera kuliyang'anitsitsa.

Mzinda womwewu ndiwo umaiumitsa ntchitoyi. Lilongwe, amene anakhala likulu mu 1975, anamangidwa motayana, ndipo pa kalembera wa 2018 munali anthu 989,318. Chithandizo nachonso n'chotayana. Bwaila ili ku Old Town kufupi ndi depoti, Kamuzu Central ili ku Area 33, St John of God ili ku Area 43, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, pafupifupi makilomita 300 kuchokera kuno. Mayi wa ku Chinsapo akauzidwa kuti abwerenso ndi mwana pakatha masabata anayi, amavomera mwaulemu, koma mumtima akuwerengetsa za minibasi, za kabaza, ndi tsiku la geni limene lipite pachabe. Phungu wodziwa ntchito amawerengetsa naye limodzi. Amasankha tsiku loyandikira malipiro a bambo, amaphatikiza ulendo wa mankhwala ndi wa uphungu kuti ukhale umodzi, ndipo dzulo lake amaimba foni kukumbutsa.

Muoneni akamafika pakhomo. Galimoto ya ofesi, ngati ilipo, amaisiya patali pagolosale n'kumalizitsa wapansi atavala chitenje, chifukwa aneba akangoona chizindikiro cha chipatala, dzina lakuti wamisala limumatirira mwanayo mpaka kalekale. Amaodira, n'kukhala pamene amuyalira. Sayamba ndi matenda. Amafunsa za mvula, za kukwera mtengo kwa makala, za agogo kumudzi. Pamenepo maso ake ali pantchito: mwana amagona pati, chitseko chake chili ndi loko wakunja kapena ayi, m'mikono muli zipsera za chingwe, pamphumi pali mphini zatsopano. Akaona mphini sakwinya nkhope. Amangoti, "Mayi, nanga asing'anga anati bwanji?" ndipo amamvetsera yankho lonse mpaka kumapeto. Akudziwa kuti banja limene lanyozedwa chifukwa chopita kwa sing'anga kapena kumapemphero a kuphiri silisiya kupitako. Limangosiya kunena zoona. Iye akufuna ziwiri zokha: mapiritsi asasiyidwe, ndipo mwana asamangidwe.

Asanatsanzike amakhala atadziwa mwini nkhani. Mayi akhoza kuvomera zonse, koma ngati malume, mwini mbumba, ali ku Mitundu akunenetsa kuti mwanayu analodzedwa ndipo abwerere kumudzi, zonse zomwe zagwirizanidwa pakhondepo zithera pomwepo. Phungu amapempha nambala n'kuimba yekha: "Amalume, ndati ndimve kaye maganizo anu pa za mwana wathuyu tisanachite kanthu." Munthu amene wafunsidwa chonchi kawirikawiri amasanduka mthandizi.

Ndi mwanayo amadekha kuposa apo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindidziwa ntchito ina imene mwambiwu umaiyenera kuposa iyi. Sakhala moyang'anizana naye. Amakhala pambali pake, onse awiri akuyang'ana kumodzi, pansi pa mtengo wa mango kapena kuseri kwa nyumba. Mnyamata akhoza kutha theka la ola akungolemba pansi ndi kamtengo. Phungu samukakamiza, ndiponso sayamba kulalikira. Asanafunse zakuya amanena poyera pamene chinsinsi chikulekezera: "Zimene undiuze zithera pompano. Koma ukandiuza kuti moyo wako uli pachiswe, kapena kuti wina akukuchitira nkhanza, ndidzafuna thandizo la anthu ena, ndipo ndidzayamba ndakuuza iweyo." Salonjeza chimene sangachisunge. Wachinyamata amene wanamizidwa kamodzi ndi munthu wamkulu satsegulanso pakamwa.

Ndiye pali funso lija ambirife timaliopa. Iye amalifunsa mosazungulira, ndi mawu ofatsa omwewo amene anafunsira za chakudya: "Kodi unaganizapo zodzipha?" Pali chikhulupiriro chakuti kufunsa chonchi n'kumuika mwana maganizo oipa, koma akatswiri anafufuza ndipo anapeza kuti si zoona. Mwana amene wakhala akulimbana ndi ganizoli yekhayekha amapepukidwa akaona kuti munthu wamkulu walitchula osanjenjemera. Akavomera, phungu sachoka asanakonze dongosolo looneka ndi maso. Amasankha wogona naye chipinda chimodzi. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe amachotsedwa m'nyumba, mapiritsi amasungidwa ndi mayi, nambala za anthu atatu odalirika zimalembedwa pachikuto cha kope, ndipo m'mawa mwake onse amakakumana kwa dokotala.

Ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 nkhani yake ndi ina. Mpanda wa njerwa, waya wamagetsi pamwamba, mlonda pageti. Ndalama ilipo, galimoto ilipo, chosowa n'kuvomereza. Mwana wabwezedwa ku sukulu yogonera chifukwa cha chamba kapena mowa, watsekeredwa m'chipinda ndi foni yake, ndipo achibale auzidwa kuti akupumula. Bambo wa udindo ku Capital Hill safuna kuonedwa atakhala pabenchi ya chipatala cha matenda a m'maganizo. Apa phungu amayenera kulankhula ndi munthu wozolowera kulamula, mwaulemu wonse koma osagonja, kumuuza kuti fizi ndi foni yatsopano sizilowa m'malo mwa kukhala pansi ndi mwana. Wochenjera amapezanso kamphindi kocheza ndi wantchito wa m'nyumba, chifukwa iyeyo ndiye amadziwa kuti mbale yabwerera kukhitchini yosakhudzidwa masiku angati. Ndipo nthawi zina amatuluka pageti atazindikira kuti wofunika thandizo kwambiri pamalopo ndi kamtsikana kantchito ka zaka 15 kogona kuboyizikota.

Mankhwala amawadziwira pathupi la mwana. Haloperidol ndi chlorpromazine amakhazikitsa mutu pansi, koma amathanso kuumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja, kuchuchitsa dovu ndi kugonetsa masana. Mnyamata amene anzake amuseka chifukwa cha kayendedwe kouma amataya mapiritsi m'chimbudzi osauza munthu. Phungu amawerenga otsala m'kapepala, ndipo akaona kuti nambala sizikugwirizana sanena kuti wanama. Amati, "Akukusowetsa mtendere pati mankhwalawa?" Kenaka amaimbira amene anawalemba, kuti aone ngati angachepetse mlingo, kuonjezera ena ofewetsa thupi, kapena kusinthira ku jakisoni wa pamwezi. Iye mwini sasintha kanthu pa mankhwala. Kudziwa pamene udindo wake ukulekezera ndi gawo la luso lomweli.

Ena mwa ana amene amawalondola akusenza katundu wawiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014, wa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 omwe ali ndi HIV ku Lilongwe ndi ku Zomba, anapeza kuti 18.9 peresenti anali ndi matenda a kukhumudwa. Mwana wokhumudwa amasiya kumwa ma ARV, ndipo wosiya ma ARV amadwala n'kukhumudwa koposa. N'chifukwa chake phungu amakondwa akamulowetsa mwana wotere mu Teen Club, monga ya ku Baylor pa Kamuzu Central imene imakumana Loweruka, kumene amapeza anzake omwa mankhwala omwewo popanda womuloza chala. Njira ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Harare pophunzitsa agogo aakazi uphungu, inayesedwanso m'zipatala zina za mu Lilongwe. Mfundo yake ndi yomwe aphungu abwino amatsata: mavuto onse atchulidwe, mwini wake asankhepo limodzi lotheka, ndipo apangane chochita sabata ino. Mtsikana amene akuti moyo wonse wamukanika amabwerera kwawo ndi ntchito imodzi, yokapempha aphunzitsi kuti alembe mayeso amene anamudutsa.

Kusukuluko phungu amapita yekha kukaonana ndi ahedi, ndipo amanena zokhazo zimene mwana ndi makolo avomereza kuti zinenedwe. Madzulo amalemba zonse m'fayilo, mwachidule komanso momveka, kuti iye akadzasamutsidwa wobwera m'malo mwake asadzamuyambitsenso mwana kufotokoza zowawa kuchokera pachiyambi.

Chimene ndimachilemekeza koposa ndi mmene amasiyira. Kuyambira tsiku loyamba amakhala akufunafuna azakhali, mphunzitsi, mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi wa mpira amene adzatsale ndi mwanayo. Maulendo a sabata iliyonse amasanduka a pamwezi, kenaka foni yokha. Amauza banja zizindikiro zakuti matenda akubwerera, monga kusowa tulo, kudzipatula ndi kulankhula yekha, ndi kumene angathamangire zikaoneka. Fayilo ikamatsekedwa, mwanayo amakhala ndi anthu ake omugwira dzanja, ndipo phungu amatembenukira kwa wina amene akudikira.

Makolo anzanga, mukaona mwana wasintha, wasiya kugona, wasiya anzake, akulankhula zosalongosoka kapena zakufa, musamutsekere m'chipinda poopa manyazi. Pitani naye kuchipatala chapafupi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ndipo phungu akadzaodira pakhomo panu, mulandireni, mumuuze zoona zonse, ngakhale zija za kwa sing'anga.