Mapu a Ubongo wa Mbeŵa ndi Mwana wa ku Ndirande

Liu lakuti "majini" lili ndi matanthauzo aŵiri pakati pathu. Mwana akatentha thupi ndi kuyamba kuphupha usiku ku Ndirande kapena ku Bangwe, alipo achibale amene amati wagwidwa ndi majini, kunena mizimu yoipa. Akatswiri a sayansi naonso amakamba za majini, koma iwo amatanthauza malangizo obisika m'maselo a thupi, amene mwana amalandira kwa makolo ake. Woyamba kutulukira malamulo a choloŵa chimenechi adali Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, amene ankayesa nsawawa m'dimba ku Brno, nasindikiza zimene adapeza m'chaka cha 1866. Muno tifuna kupima ntchito imodzi yaikulu ya otsatira mapazi ake, ndiyo mapu a majini mu ubongo wa mbeŵa, ndi kufunsa kuti kodi mapuwo akumuuzanji mai amene wagoneka mwana wake ku Gulupu.

Ntchitoyi idachitika ku Allen Institute mu mzinda wa Seattle, bungwe limene Paul Allen adakhazikitsa m'chaka cha 2003. Maselo a mu ubongo ali ndi majini ofanana, koma si jini lililonse limene limagwira ntchito paliponse. Zili ngati kwaya: onse agwira buku limodzi, koma aliyense amaimba mbali yake pa nthaŵi yake. Tsono akatswiriwo adacheka ubongo wa mbeŵa m'timagawo topyapyala kuposa pepala, nathira mankhwala odetsa malo okhawo pamene jini lakutilakuti lili pa ntchito, kenaka najambula kagawo kalikonse. M'chaka cha 2006 adamaliza mapu a mbeŵa yokhwima, a majini pafupifupi 20,000. Pambuyo pake adatembenukira ku ubongo umene ukali kuumbika, natsata majini pafupifupi 2,000 pa misinkhu 7, kuyambira mbeŵa ili m'mimba mpaka itatha masiku 28 chibadwire. Lipoti lake lidatuluka m'chaka cha 2014, ndipo zithunzi zonse adaziika pa intaneti kuti aliyense aone mwaulere.

Tiyenera kuyamika poyera. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo anthu ameneŵa adadekhadi. Mapu ao aonetsa kuti ubongo suumbika mwachisawawa: chigawo chilichonse chimatuluka pamene majini ake ayamba ntchito pamodzi, pa tsiku lake, ndipo ena akatha mbali yao amakhala chete. Popeza majini ambiri a munthu ali ndi anzao mwa mbeŵa, phunziroli likutikhudza ifenso. Amene amaseka kuti ndi maseŵera a anthu olemera osoŵa chochita, alakwa.

Komabe mapu ali ndi malire, ndipo malirewo amaoneka bwino tikaima mu Blantyre muno. Mbeŵa ya m'mapuŵa si ija anyamata amakumba m'munda ndi kugulitsa pa mpani m'mbali mwa mseu. Ndi mbeŵa yoŵetedwa m'nyumba yaukhondo, ya mtundu umodzi, yosadziŵa njala kapena udzudzu. Ubongo wake sukwana ngakhale galamu imodzi. Mapuwo atiuza pamene jini limagwira ntchito zinthu zikamayenda bwino. Satiuza zimene zimachitika m'mutu mwa mwana wa zaka zitatu amene malungo amuloŵa mu ubongo.

Funso limeneli adalifunsa ena pa chipatala cha Queen Elizabeth, kumene zipatala zazing'ono za Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa zimatumiza ana odwala kwambiri. M'chaka cha 1986 madokotala aŵiri, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, adayamba kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana. M'chaka cha 1989 adafalitsa muyeso wa kukomoka umene mpaka lero umatchedwa ndi dzina la Blantyre: dokotala amaona ngati mwana akutsata ndi maso, akulira ndiponso akuyankha ululu, namupatsa nambala kuyambira 0 mpaka 5. Kuyambira 1996 adayamba kupima matupi a ana omwalira, makolo atavomereza. Lipoti la 2004 lidadzidzimutsa ambiri: mwa ana 31 amene onse ankati aphedwa ndi malungo a mu ubongo, 7 adafa ndi nthenda zina. Adapezanso kuti kuunika m'kati mwa diso kumathandiza kusiyanitsa magulu aŵiriŵa mwana akali moyo.

M'chaka cha 2008 chipatalachi chidalandira makina a MRI ojambula m'kati mwa mutu, ndipo mu 2015 Karl Seydel ndi anzake adalengeza zimene adaona mwa ana 168. Mwa ana 25 amene adamwalira, 21 ubongo wao udali utatupa koopsa. Ubongo ukatupa umasoŵa kopita m'chigaza, tsono umapanikiza tsinde lake limene limalamulira kupuma, ndipo mwana amaleka kupuma.

Pano mpamene tikuyesa mbeŵa. Nazonso amazipatsa malungo a mtundu wa Plasmodium berghei, zimakomoka, ndipo ubongo wao umatupa. Kufanana kumeneku nkothandiza. Koma mwa mwana, timitsempha ta mu ubongo timadzaza ndi maselo ofiira a magazi okhala ndi tizilombo, pamene mwa mbeŵa zimenezi nzochepa. M'chaka cha 2010 Nicholas White ndi anzake adadandaula kuti mankhwala ochuluka amene adapulumutsa mbeŵa sadapulumutse anthu. Kotero chiweruzo chathu nchakuti mapu a mbeŵa ndi chida chabwino chodzutsira mafunso, koma yankho lomaliza limapezeka pa bedi la mwana. Mapu a ku Seattle popanda wodi ya ku Gulupu ali ngati dikishonale m'manja mwa munthu amene sadamvepo chilankhulocho chikulankhulidwa.

Kodi ife ansembe ndi ophunzira unsembe zikutikhudza bwanji? Kafukufuku wina wa m'Blantyre momwemuno, wa chaka cha 2010, adaonetsa kuti mwa ana opulumuka ku malungo a mu ubongo, pafupifupi mmodzi mwa atatu amatsala ndi khunyu kapena vuto lina la ubongo ndi la khalidwe. Ana ameneŵa tili nao m'makalasi a katekisimu ndi m'mipingo yathu ing'onoing'ono. Ena amatchedwa amwano, ena opusa, ena olodzedwa. Wansembe amene wamvetsa kuti ubongo umamangidwa mwa dongosolo, ndi kuti ungavulale pomangidwapo, sadzafulumira kuvomereza maina ameneŵa. Ndipo akaitanidwa usiku kwa mwana wokomoka, adzapemphera galimoto ili kuthamangira ku chipatala, pakuti ubongo wotupa sudikira kuti kuche.

Koma tichenjerenso ndi cholakwa china. Kuchotsa majini a mizimu ndi kuikapo majini a sayansi, ngati kuti mwana ndi mndandanda wa malangizo basi, sikumasula banja ku mantha. Mau onse aŵiri angathe kukhala njira yonenera kuti "palibe chimene tingachite". Chonsecho neti ya udzudzu, mankhwala a msanga ndi mphunzitsi woleza mtima zimasintha zambiri.

Potsiriza tikumbuke amene maina ao salembedwa pamwamba pa malipoti. Kwathu kuno maliro ndi chinthu cholemekezeka, ndipo mphekesera za opopa magazi zidazunguza chigawo cha kumwera m'chaka cha 2017. Komabe makolo opitirira 100, misozi ili m'maso, adalola kuti matupi a ana ao apimidwe, kuti ana a anzao adzakhale ndi moyo. Zambiri zimene dziko lonse lidziŵa lero za ubongo wa mwana wodwala malungo zidachokera kwa iwo. Tikamatamanda mapu a mbeŵa, tisaŵaiŵale.