Lovedale: mbiri yosimbidwa ndi mwini khomo

Anzanga, buku la R.H.W. Shepherd lotchedwa Lovedale, South Africa: The Story of a Century ndi loyenera kuliwerenga, koma mochenjera. Shepherd anali m'busa wa pasukulupo, ankayang'anira Lovedale Press, ndipo mu 1942 anakhala mkulu wa sukuluyo. Mwini munda akamakuyendetsa m'munda mwake, sakuonetsa pomwe pamera kaufiti.

Zoyamikika zilipo ndithu. Amishoni a ku Scotland anatsegula sukuluyi mu 1841 pafupi ndi pomwe pali tawuni ya Alice, ku Eastern Cape, ana akuda ndi azungu akuphunzira m'kalasi limodzi. Tiyo Soga anadzera pomwepo. Ifenso nkhaniyi ikutikhudza: mu 1876 William Koyi ndi anzake atatu achiXhosa anachoka ku Lovedale kukathandiza mishoni ya Livingstonia, ndipo Koyi anagwira ntchito pakati pa Angoni mpaka imfa yake mu 1886.

Koma pali mkangano womwe sitiyenera kuudumpha. Mkulu woyamba, William Govan, ankafuna kuti mwana wakuda aphunzire zonse zomwe mzungu akuphunzira, ngakhale Chilatini ndi Chigiriki. James Stewart, yemwe anamulowa m'malo mu 1870, anati ambiri angolandira maphunziro oyambirira ndi ntchito zamanja, monga ukalipentala ndi kupanga ngolo. Ntchito yamanja si yonyozeka ayi, tonsefe timadyera momwemo. Funso n'lakuti, anasankhira mnzake malire ndani? M'nyumba yodyera namonso, azungu anali ndi matebulo awoawo, ndipo chakudya cha ena onse chinkatengera fizi yomwe makolo alipira.

Apa m'pomwe bukuli likuperewera. Mawu omveka kwambiri ndi a amishoni, pomwe ophunzira akuoneka ngati zipatso za ntchito ya eni ake. Chonsecho anawo sanali duu. Mu 1920 anachita chipolowe chifukwa cha buledi. Mbiri ya Shepherd ikuthera mu 1941, koma mu Ogasiti 1946, iye mwini ali pampando, anaukiranso chifukwa cha chakudya, ambiri n'kumangidwa. Patangopita masiku ochepa, pa 12 Ogasiti, ogwira ntchito m'migodi ya golide ku Witwatersrand ananyanyala pofuna mashileni 10 patsiku. Amene anadyako chakudya cha m'komponi sangadabwe: nkhani ya mbale imakhala nkhani ya ulemu wa munthu.

Tisakokomezenso mbali inayo. Boma litalanda sukuluyi potsatira lamulo la Bantu Education la 1953, zinthu zinafika poipa, ndipo ndi nthawi imeneyo pomwe Thabo Mbeki ndi Steve Biko anachotsedwa sukulu. Bukuli tilikhulupirire pa zaka ndi mayina. Koma pa funso lakuti ana ankamva bwanji m'mitima, tikafunse kwina.