Galu wa Honwana ndi mbalame ya Gwengwe

Tchuthi chachikulu cha sukulu ku Mozambique chimagwa mu Disembala ndi Januwale, mvula ili pakati. Kwa mwana wa ku Ulónguè kapena wa m'munsi mwa phiri la Domwe, m'boma la Angónia, imeneyi si nyengo yogona pamphasa. Kuli kupalira, kubandira, kuthira feteleza ndi kupopera kachewere. Mpata wowerenga umapezeka mvula ikatsekereza anthu pakhonde, kapena usiku pa tochi ya foni. Buku loti lilimbane ndi kutopa kotere liyenera kudziyimira palokha, chifukwa palibe mphunzitsi amene adzafunse mafunso pa mapeto ake.

Wachinyamata wa ku Angónia ali ndi mwayi umene anzake a ku Lilongwe ndi a ku Maputo alibe. Kusukulu amawerenga Chipwitikizi, kunyumba ndi kumsika amayankhula Chichewa, ndipo kuchoka pa Calómuè kulowa ku Dedza ndi ulendo wa njinga. Makolo ambiri anaphunzira kuwerenga Chichewa ku Malawi pothawa nkhondo imene inatha mu 1992. Ndiponso ku Tete, chigawo chimene muli Angónia, n'kumene boma linayesera kuphunzitsa ana m'Chinyanja kuyambira 1993 mpaka 1997, pamene ku Gaza ankayesera Chichangana. Choncho mwanayu angatole mabuku mbali zonse ziwiri. Koma mabuku a mbali ziwirizi amamuyankhula mosiyana, ndipo kusiyanako kwagona pa luso limodzi: kodi mlembi amamusiya mwana wa m'nkhani kuti aone ndi maso ake, kapena amamugwira dzanja mpaka tsamba lomaliza?

Tiyambe ndi a kwathu. Nthondo wa Samuel Josia Ntara, amene anatuluka mu 1933 atapambana mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndi mbiri ya munthu mmodzi kuchokera kubadwa mpaka imfa. Pamene Nthondo ali mnyamata wosamva, wakuba ndi wabodza, nkhani imathamanga, ndipo Chichewa chake chimamveka ngati cha anthu enieni a m'mudzi. Akangotembenuka mtima n'kukhala munthu wabwino, mwendo wa nkhani umalemera. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ku Nkhoma, ndipo zimaoneka kuti ankadziwa kumene ayenera kumufikitsa mnyamatayo asanayambe n'komwe kulemba. Wachinyamata amanunkhiza zimenezi msanga. Ndimalimbikitsabe bukuli, makamaka chifukwa cha theka loyambalo.

Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe ndi wolimba kuposa pamenepo, chifukwa mafupa ake ndi a nthano. Awiri apita kukagwira ntchito kutali, wina asunga chuma, wina amwaza, ndipo pobwerera womwazayo, Gwenembe, apha mnzake. Chotsatira ndi mbalame imene imaimba za mlanduwo, wakuphayo n'kumayesa kuithetsa koma osatheka. Luso lili pa kubwerezabwereza. Nthawi iliyonse mbalameyo ikaimbanso, mudzi umakhala wayandikira, ndipo wowerenga amapezeka akuchita mantha pamodzi ndi munthu amene akumuda. Apa Gwengwe safunika kulalikira, mbalame ikugwira kale ntchitoyo. Pokhapokha pamene mawu a mlembi alowererapo kuti atsindike phunziro m'pamene nkhani imazirala. Olemba athu ambiri a m'badwo umenewo ankalemba ngati anankungwi kutsimba, ndipo si mlandu wawo wokha, poti mabukuwo ankagulidwa ndi masukulu.

Tsopano tengani Nós Matámos o Cão-Tinhoso, buku la nkhani 7 limene Luís Bernardo Honwana anatulutsa mu 1964 ali ndi zaka 22, chaka chomwecho chimene apolisi a atsamunda a PIDE anamumanga. Nkhani yoyamba ikukambidwa ndi mnyamata wa pasukulu, Ginho. Pali galu wa zilonda thupi lonse, wa maso obiriwira ngati kumwamba, amene agalu anzake amamuthawa. Akuluakulu a boma la atsamunda agamula kuti aphedwe, ndipo Senhor Duarte wa ku ofesi ya ziweto apereka ntchitoyo kwa gulu la anyamata, iwo n'kukatenga mfuti za abambo awo.

Chimene Honwana amachita n'chovuta kuposa momwe chimaonekera. Ginho sadziwa kuti akufotokoza za utsamunda. Iye akungofuna kuti Quim, mtsogoleri wa gululo, amuone ngati mwamuna. Amabwereza mawu omwewo kangapo, za maso a galuyo, za kunjenjemera kwake, za mafupa ake, monga amachitira mwana amene chinthu chamukakamira m'mutu. Akukoka chingwe kupita naye kuthengo, amamuyankhula galuyo mumtima kuti amukhululukire, kwinaku akukokabe. Mlembi sanena kuti ichi n'choipa, sanena kuti galuyo akuimira yani. Wowerenga wa zaka 15 amadziwa zambiri kuposa wofotokoza nkhaniyo, ndipo kudziwa kumeneko n'kumene kumamukoka. Wapatsidwa udindo woweruza, chinthu chimene kusukulu ndi kutchalitchi sapatsidwa kawirikawiri. Mfuti zikalira, palibe chilango chochokera kumwamba. Anyamata abwerera m'kalasi, n'kumakambirana za ntchito ya sukulu. Mapeto oterewa amapweteka nthawi yaitali kuposa a Gwenembe, amene mlandu wake umatha mwadongosolo.

Chipwitikizi cha Honwana n'chosavuta, cha ziganizo zazifupi, moti wa kalasi 8 angathe. Amene akuopa nkhani yaitaliyo ayambe ndi "As mãos dos pretos", ya masamba ochepa chabe, momwe mwana amafunsa akuluakulu osiyanasiyana chifukwa chake zikhatho za anthu akuda n'zoyera, aliyense n'kumupatsa yankho lakelake.

Pali galu winanso. Mu The Boy Who Harnessed the Wind, limene William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, anthu amakumbukira makina a mphepo opangidwa ndi zitsulo za njinga ndi milongoti ya bulugamu. Kwa ine tsamba lamphamvu ndi la njala ya 2002, pamene William amamangirira galu wake Khamba pamtengo n'kumusiya kuti afe, poti panalibe chomupatsa. Pamenepo bukuli limaiwala zolimbikitsa anthu, limangonena zimene zinachitika. Lili m'Chingerezi, chimene ku Angónia ndi chiyankhulo chachitatu, koma kope la achinyamata la 2015 n'lopepuka, ndipo filimu ya Chiwetel Ejiofor ya 2019 ili ndi Chichewa chambiri, ngakhale katchulidwe kake kamaseketsa.

Terra Sonâmbula ya Mia Couto, ya 1992, ndi ya okulirapo. Mnyamata Muidinga ndi mkulu Tuahir abisala m'basi yowotchedwa, ndipo mnyamatayo amawerenga mokweza makope a Kindzu amene awapeza m'sutikesi pafupi ndi mtembo. Couto amapanga mawu akeake, ndipo wosazolowera Chipwitikizi amapunthwa pafupipafupi. Koma m'dera limene midzi yambiri inasamukira kutsidya la msewu wa Dedza ndi Ntcheu, nkhani ya mwana amene waiwala makolo ake siifuna kumasulira. Wowerenga akakakamira, afunse agogo, adzamuuza zambiri kuposa dikishonale.

Mndandandawu ukutsimphina mwendo umodzi. Nthondo, Gwenembe, Ginho, William, Muidinga: onse ndi anyamata. Mtsikana yekha amene amaoneka bwino ndi Isaura wa Honwana, amene amagawana chakudya chake ndi galu uja, ndipo anzake amamuyesa wozungulira mutu. Timamuona kudzera m'maso a Ginho basi. Mtsikana wa ku Lifidzi amene akufuna kumva mawu a mkazi akudzifotokozera yekha ayenera kupita kwa Paulina Chiziane, amene analandira mphoto ya Camões mu 2021. Balada de Amor ao Vento, ya 1990, ndi Sarnau akukamba yekha za chikondi chake ndi Mwando, za ukwati wa mitala ku banja lachifumu, ndi za kutayidwa. Chiziane nthawi zina amachulutsa mawu okometsera mpaka nkhani kuima, ndipo sanalembere ana. Ndingalipereke kwa wa zaka 17, osati wa 13, ndipo ndingakonde kuti mlongo wake wamwamuna aliwerengenso akamaliza za agalu zija.