Imfa ya Edith Keeler ndi Mkangano wa Okonda Sewero la Star Trek

Pa 6 Epulo 1967 wailesi yakanema ya NBC ku America inaonetsa gawo limodzi la sewero lotchedwa Star Trek. Mutu wa gawolo unali "The City on the Edge of Forever", ndiye kuti mzinda umene uli m'mphepete mwa muyaya. Gawoli ndi lalifupi, losakwana ndi ola limodzi lomwe, koma anthu okonda seweroli akhala akulikambirana kwa zaka zoposa 50. Ambiri a iwo amavomerezana kuti pa magawo onse 79 amene anaonetsedwa kuchokera mu 1966 kufikira mu 1969, limeneli lili m'gulu la opambana. Chimene amatsutsana ndi chakuti kodi ubwino wakewo unachokera kuti, ndiponso ngati mathero ake ali achilungamo.

Star Trek ndi nkhani yopeka yokhudza sayansi. Imasimba za chombo cha mumlengalenga chotchedwa Enterprise chimene chikuyendera maiko akutali zaka pafupifupi 300 mtsogolo. Mtsogoleri wa chombocho ndi Kaputeni Kirk. Womuthandiza wake ndi Spock, munthu wosalola kuti chifundo kapena mkwiyo zimulamulire poganiza, ndipo dokotala wawo ndi McCoy, amene ali wamtima wapachala koma wokonda anthu.

M'gawo limeneli chombo chikugwedezeka mwadzidzidzi ndipo McCoy akudzibaya mwangozi jakisoni wa mankhwala amphamvu amene akumuzunguza mutu. Iye akuthawira pa dziko lina lachilendo pamene pali khomo lamwala lolankhula, lotha kutumiza munthu ku nthawi iliyonse yakale. McCoy akudumphira m'khomomo. Nthawi yomweyo anzake akupeza kuti chombo chawo kulibenso, pakuti dokotalayo wasintha chinthu china m'mbiri ya dziko lapansi. Kirk ndi Spock akumulondola ndipo akupezeka mumzinda wa New York m'chaka cha 1930, pamene chuma cha America chinali chitagwa ndipo anthu miyandamiyanda analibe ntchito. Kumeneko akulandiridwa ndi mayi wina dzina lake Edith Keeler, amene amadyetsa amphawi pa nyumba yake yothandizira osowa. Kirk akugwa naye m'chikondi.

Apa ndi pamene pagona msemphano wa nkhani yonse. Spock, pogwiritsa ntchito tizipangizo ta wailesi za masiku amenewo, akutulukira kuti Edith ali ndi njira ziwiri patsogolo pake. Njira yoyamba ndi yakuti afe pa ngozi ya galimoto chaka chomwecho, monga zinachitikira McCoy asanalowererepo. Yachiwiri ndi yakuti apulumuke, ayambitse gulu lolimbikitsa mtendere, ndipo gululo lichedwetse dziko la America kulowa m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kufikira Germany wa Hitler atayamba ndiye kupanga bomba la atomiki ndi kugonjetsa dziko lonse. Tsono tsiku lina madzulo Edith akuwoloka msewu, lole ikubwera, McCoy akuthamanga kuti akamupulumutse, koma Kirk akumugwira dokotalayo zolimba nkhope atayang'anitsa kumbali. Edith akufa.

Mkangano waukulu pakati pa okonda seweroli unabadwa chifukwa chakuti nkhani imeneyi ili ndi maonekedwe awiri. Dzina la mlembi limene limaoneka pa kanema ndi la Harlan Ellison, koma zimene Ellison analemba poyamba si zimene zinajambulidwa. Mwini sewero, Gene Roddenberry, anaona kuti zolembazo zikanadya ndalama zambiri ndiponso sizinkagwirizana ndi makhalidwe a ampangankhani ake. Motero anthu angapo, kuphatikizapo Gene Coon, D. C. Fontana ndi Roddenberry mwini, anazilembanso. Ellison anakwiya kwambiri mwakuti anafuna kuchotsapo dzina lake ndi kuikapo lachinyengo lakuti Cordwainer Bird, limene ankaika pa ntchito zimene ankaona kuti ena aziwononga, koma sizinatheke. Chodabwitsa n'chakuti mu 1968 maonekedwe onse awiri analandira mphotho. Sewero lojambulidwalo linapata mphotho ya Hugo, imene amasankha ndi anthu okonda nkhani zopeka za sayansi, pamene zolemba zoyambirira za Ellison zinapata mphotho ya bungwe la alembi la Writers Guild of America. Mbali iliyonse ya mkanganowu inapeza choncho mkondo wake.

M'zolemba za Ellison amene akuyambitsa mavuto si McCoy ayi, koma msilikali wina wa m'chombomo dzina lake Beckwith, wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, amene akupha mnzake ndi kuthawira ku nthawi zakale. Pa mathero, munthu woipa yemweyu ndiye akuthamangira kukapulumutsa Edith. Kirk akulephera kusuntha chifukwa cha chikondi, ndipo amene akugwira Beckwith kuti Edith afe ndi Spock.

Otsatira Ellison amati mathero amenewa ndiwo oona. Iwo amafunsa kuti ndi mwamuna uti wokondadi mkazi amene angathe kuima ndi kumusiya agundidwe ndi lole chifukwa cha mawu a makina. Kwa iwo Kirk wa Ellison ndi munthu wa thupi ndi magazi, wololera kutaya dziko lonse chifukwa cha munthu mmodzi, pamene Kirk wa pa kanema ndi ngwazi yochita kupala bwino kuti isakhale ndi chilema. Amaonjezanso kuti kuona chigawenga chikuchita chabwino mosaganizira ndi chinthu chozama, chifukwa chimasonyeza kuti ngakhale mumtima woipa mumatsala kambewu ka umunthu.

Maganizo amenewa ali ndi mphamvu, komabe akapimidwa bwino ndi muyeso wa luso la sewero amapepuka. M'sewero lomvetsa chisoni, mtolo wa chisankho uyenera kugwera mpangankhani wamkulu, amenenso adzataye chinthu chachikulu koposa. Spock alibe chotaya pa imfa ya Edith. Kuyambira pachiyambi iye wakhala akunena kuti mayiyo ayenera kufa, kotero kuti akamagwira Beckwith akungochita zimene aliyense amayembekezera kwa iye. Pamenepo Kirk akusanduka woonerera chabe m'nkhani yake yomwe. Koma pa kanema dzanja limene likuletsa chipulumutso ndi lomwe lija linkagwira dzanja la Edith poyenda mumsewu. Ndiponso wogwidwayo si chigawenga, koma dokotala, bwenzi lake la Kirk, munthu amene ntchito yake ndi kupulumutsa moyo ndipo sakudziwa chilichonse cha zimene Spock anatulukira. McCoy akamafunsa mokwiya ngati Kirk akuzindikira chimene wachita, Kirk alibe mawu, ndipo amene akumuyankhira ndi Spock. Kusalankhula kumeneko William Shatner, amene anasewera ngati Kirk, anakuchita mwaluso kuposa malo ambiri m'seweroli, pakuti iye anali ndi chizolowezi chokokomeza mawu. Kunena kuti Kirk ameneyu alibe chilema n'kulakwa, chifukwa wabwerera kuchombo chake ali ndi magazi m'manja.

Pali chinthu chimodzi, komabe, chimene olembanso aja anataya ndipo sanachibweze. Ellison analenga mpangankhani wina wotchedwa Trooper, msilikali wakale amene anaduka miyendo atamenya nawo nkhondo ya ku Verdun. Trooper akufa poteteza Kirk, koma imfa yake sikusintha kanthu m'mbiri, ndipo Kirk akuuzidwa kuti munthuyo anali wosawerengeredwa. Mawu amenewo akumupweteka Kirk, ndipo akupwetekanso wowerenga. Pa kanema zatsala n'zochepa: mmphawi wina akutola mfuti ya McCoy ndi kudzipha nayo mwangozi, nkhani n'kupitirira ngati sipanachitike kanthu. Palibe mpangankhani amene akumulira kapena kumutchula. Okonda seweroli amene ali ndi maso akuthwa akhala akufunsa kuti ngati imfa ya mayi mmodzi ikhoza kutembenuza nkhondo, bwanji imfa ya mmphawiyu ilibe kanthu? Ellison anafunsa funso limeneli mwadala. Sewero lojambulidwa linangolipunthwa osalizindikira, ndipo potero linachita chinthu chomwecho chimene Ellison ankadzudzula, kuona wosauka ngati wopanda pake.

Mkanganowu unakula chifukwa cha eni ake omwe. Kwa zaka zambiri Roddenberry ankauza anthu kuti Ellison analemba zoti injiniya Scott ankagulitsa mankhwala ozunguza bongo. Zimenezi sizinali zoona, ndipo zolemba za Ellison zitasindikizidwa m'buku mu 1976 aliyense anatha kudzionera yekha. Roddenberry atamwalira mu 1991, Ellison anasindikizanso zolembazo ndi mawu oyamba ataliatali odzaza ndi mkwiyo, ndipo mu 2009 anakasuma kukhoti pa nkhani ya ndalama zimene gawoli linkabweretsa. Okonda seweroli ena analeka kupima luso n'kuyamba kungosankha munthu womuikira kumbuyo.

Gulu lina la owonerera silisamala za amene anagwira mnzake. Iwo amadandaula ndi tsinde la nkhaniyo. M'chaka cha 1967 asilikali a America anali pa nkhondo ku Vietnam, ndipo achinyamata ambiri ankaguba m'misewu kutsutsa nkhondoyo. Pa nthawi yotero, sewero linaonetsa mayi wokonda mtendere amene ayenera kufa kuti dziko lipulumuke. Katswiri wina wa zolembalemba, H. Bruce Franklin, analemba mu 1994 kuti gawoli linali ndi uthenga wobisika wopita kwa otsutsa nkhondo ya ku Vietnam. Ena amayankha kuti nkhondo ya Hitler ndi ya ku Vietnam si zofanana, ndiponso kuti seweroli silinyoza Edith, popeza limanena poyera kuti maganizo ake anali olondola koma anabwera nthawi yake isanakwane. Yankho limeneli silikhutiritsa kwenikweni. Munthu wokonda nkhondo aliyense amavomera kuti mtendere ndi wabwino, kungoti nthawi yake amati ndi mawa.

Mbiri yeniyeni nayonso siigwirizana bwino ndi ulosi wa Spock. America analowa m'nkhondo chifukwa Japan anaphulitsa doko la Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941, ndipo patapita masiku 4 Hitler mwini ndiye analengeza nkhondo ndi America. N'kovuta kuona mmene gulu la mayi mmodzi wa ku New York likanaletsera zimenezi. Komanso akatswiri a ku Germany sanafike pafupi n'kupanga bomba la atomiki. Ena amasangalala ndi kutola zolakwa zing'onozing'ono, monga yakuti Edith akukamba za kanema wa Clark Gable mu 1930 pamene Gable anali asanatchuke, koma zotere n'zongoseketsa. Cholakwa chachikulu n'chakuti nkhani yonse yatsamira pa kutsimikiza kwa Spock, kumene kwachokera pa zidutswa za nyuzipepala zooneka m'kachipangizo kake. Kirk sakufunsa ngati pali njira yachitatu. Owonerera ambiri afunsa chifukwa chimene sanamutengere Edith ku nthawi yamtsogolo, pakuti akanachoka m'mbiri ya 1930 popanda kufa. Seweroli silikuyesa n'komwe kutseka khomo limeneli.

Ndiponso Edith mwini wake sakufunsidwa. Joan Collins anamusewera ngati mayi wanzeru, wolimba mtima, wotha kuona kuti alendo ake awiriwa akubisa kanthu, amene amauza amphawi kuti tsiku lina anthu adzapita ku nyenyezi ndi kuthetsa njala. Munthu wotere akanatha kumva choonadi ndi kupereka yankho lake. Koma amuna awiri akukambirana za imfa yake m'chipinda iye kulibe, ndipo akufa akuwoloka msewu kuti akamve chimene chikuwasangalatsa anzakewo. Pa mfundo imeneyi Ellison ndi Roddenberry sanasiyane konse: onse awiri analemba za chisoni cha Kirk, ndipo Edith anamusandutsa chida chobweretsera chisonicho.

Mu 2014 zolemba za Ellison zinatulutsidwa ngati nkhani ya zithunzi zojambula pamanja, kotero kuti okonda seweroli anatha kuona Beckwith ndi Trooper ndi maso kwa nthawi yoyamba. Ellison anamwalira mu 2018. Pa gawo lojambulidwa lija, limene iye analikana kwa zaka 51, dzina la mlembi limene limaoneka ndi lake lokha.