Ng'oma za ku Dedza Zitamanda Nkhoswe ya Nkhalango

Iwambeni pamoto, anyamata inu, chikumba chikungike. Mpanje uyambire pansipansi, mbalule ilowe pambuyo, amayi a ku Bembeke ndi a ku Linthipe aombe m'manja mwamfungo. Lero pabwalo pano tikutchula phungu, ndipo ng'oma ili ndi chifukwa chake: isanasemedwe inali mtengo m'phiri, choncho woyankhulira mitengo ndi mbale wake.

A Werani Chilenga! Mwana wa ku Chitipa, kumalire a kumpoto kumene Nyika imatsetserekera kumidzi. Munakhala phungu wa kummwera kwa Chitipa ndi wapampando wa komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo. Nkhoswe ya njovu. Kamwa la mombo ndi msuku. Woimira ngaka pa mlandu. Mwasenza zaka zambiri mpando umene subala mavoti, pakuti mlombwa suima pamzere tsiku lachisankho, chipembere sichivala nsalu ya chipani, ndipo nkhalango ikapulumuka sibwera kudzathokoza pamsonkhano. Tabwera ndife kudzathokoza m'malo mwake. Zikomo, bambo, zikomo.

Gunda alire! Tikumbuke kumene tachokera. Dziko lino linali njira ya minyanga. Yochokera kunja inkadutsa m'misewu yathu, ya njovu zathu inkatulukira pa zipata zomwezo, ndipo wogwidwa ankalipira chindapusa chochepa n'kubwerera kukagona kwawo. Ku Kasungu, kumene kale njovu zinali zoposa 1,000, pofika 2015 zinatsala ngati 50 zokha. Chaka chomwecho aphungu a zipani zosiyana anamanga gulu lawo loteteza zachilengedwe, inu muli mmodzi mwa otsogolera. Mu 2016 utsi unakwera ku Mzuzu, matani 2.6 a minyanga akupsa anthu akuona. Mu 2017 lamulo la nkhalango za nyama zakutchire linatuluka ndi mano atsopano, chilango chofika zaka 30 kundende. Inu Msula-lamulo! Inu Wonola-nkhwangwa-ya-khoti! Mu 2021 tinamva ndi makutu athu kuti Lin Yunhua, mkulu wa gulu lozembetsa nyanga za chipembere, wagamulidwa zaka 14. Mu 2022 njovu 263 zinakwera malole kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Mutu umodzi susenza denga, tikudziwa. Panali alonda a m'nkhalango, apolisi, oweruza ndi mabungwe. Koma denga limafuna woyamba kuwerama, ndipo m'Nyumba muja ife tinkamva mawu anu.

Nkhani ya majumbo opyapyala nayonso munaigwira. Boma linawaletsa mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletso chikhalepo. Inu Wosatopa-kufunsa, amene mumabwereza funso mpaka mkulu wa ku Capital Hill atuluke thukuta.

Tsopano mbalule itembenuke, iyang'ane kwathu. Bwerani ku Dedza, a Chilenga, mudzaone zimene mumanenera. Nali phiri la Dedza, mamita 2,198, lovala nkhungu m'mwezi wa June, madzi ake ozizira mano. Nayi Chongoni, kumene ana a dziko lino amaphunzira za nkhalango ndi nyama zakutchire pa koleji yawo, kumenenso kuli malo 127 a zojambula zamakedzana, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kwerani ku Chencherere, ku Namzeze, ku Mphunzi. Muone zofiira za Akafula, muone zoyera za makolo athu Achewa, za chinamwali ndi za Nyau, zopakidwa ndi chala pathanthwe. Mapanga amenewo amatetezedwa ndi mitengo yowazungulira. Mitengo ikatha, moto wolusa umanyambita thanthwe, mwaye n'kuphimba zimene agogo anatisiyira. Uko kuzambwe kuli Dzalanyama, kochokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu, kochokeranso Diamphwe wothira mu Linthipe. Nkhwangwa zinachuluka kumeneko mpaka boma linatumiza asilikali mu 2015. Kummawa kuli Mua-Livulezi ndi chitsetso chotsikira ku Mtakataka, kwa Amaseko a Kachindamoto, kumene madzi akasowa mizu yowagwira amatsika ndi miyala n'kukafafaniza minda ya m'chigwa.

Malo onsewa alibe mwini mmodzi. Ndi a mayi wozula bowa mvula ikagwa, amene amadziwa tsinde lililonse lomera utale ndi manyame. Ndi a mwana wotola masuku mu December, matumba a kabudula ali tho. Ndi a nkhalamba yofuna khungwa la mankhwala, a mlimi wa kachewere wothirira dimba lake ndi madzi otuluka m'phiri, a wa mu Area 25 ku Lilongwe amene amatsegula mpopi osadziwa kuti akumwa Dzalanyama. Chuma cha tonse n'chimene chimabedwa msanga, chifukwa aliyense amati wina alondera. Inu munati mulondera ndinu. Mlonda-wa-za-tonse! Mpanda-wa-malo-opanda-mpanda! Mu 2020 lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwa, zilango zinakwera, ndipo komiti yanu inali mkati mwa ntchitoyo.

Mpanje utsike pang'ono, pali mawu olemera. Wotamanda weniweni amanenanso zimene zatsala. Imani pamsewu wa M1 m'mamawa, pakati pa Linthipe ndi Chimbiya. Mudzaona bambo akukankha njinga, matumba atatu a makala omangidwa ndi zingwe za matayala, pamwamba pake atalukapo timitengo kuti thumba litalike, mapazi ali mbuu, nkhope ili bii. Ameneyo lamulo limampeza msanga, njinga n'kulandidwa. Nanga lole yodzaza makala yodutsa usiku? Nanga mwini lole, amene sanagwirepo nkhwangwa chibadwire? Mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ngakhale m'nyumba za magetsi mbaula imakhala pakhonde kudikira kuti azime. Bambo wa njinga uja si mdani wa phiri, ndi njala imene yamutuma. Anthu a m'mphepete mwa Kasungu nawonso ali ndi misozi yawo, pakuti njovu zobwerazo zadya minda, zaphanso anthu. Nkhoswe yabwino imamva mbali zonse ziwiri, ndipo tikukutchani nkhoswe chifukwa tikufuna mumve zonsezi.

Tinaona mu March 2023 zimene phiri lometedwa limachita. Namondwe wa Freddy atafika, matope anatsika ku Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe, anthu mazanamazana anapita. Ife a ku Dedza tinayang'ana mapiri athu tsiku limenelo, mitima ili phaphapha.

Ng'oma zonse pamodzi tsopano! Chisamba chilowe, Angoni a ku Bembeke aponde ngoma ndi zishango, nthungululu zimveke mpaka ku Lobi. A Chilenga, Mlendo-wa-kalumo-kakuthwa! Wochokera-kutali-woyankhulira-phiri-lathu! Ku Kenya anali ndi mayi Wangari Maathai, phungu amene anamenyedwa poteteza nkhalango ya Karura, dziko lonse n'kumupatsa mphoto ya Nobel mu 2004. Kuno tatchula inu, ndipo tikufuna mayina ena oti tiwonjezere pa mndandanda umenewu.

Aphungu a Dedza, mwamva? Agogo Kachere, Kaphuka, Kasumbu, Kamenyagwaza, Chilikumwendo, Tambala, Chauma, tagwada pamaso panu: gawani malo a nkhalango za m'midzi, ndipo wogulitsa phiri mumutchule dzina pabwalo. Inu a ku Nyumba ya Malamulo, patsani alonda a nkhalango ndalama zogwirira ntchito, tsitsani mtengo wa gasi ndi magetsi kuti mbaula ipume, gwirani mwini lole musanagwire mwini njinga. Ndipo inu nonse mwaima pano, mvula yoyamba ikagwa aliyense atenge khasu ndi mbande, tikakumane ku Chongoni.