Kodi Tsabola Wakale Sawawadi?

Madzulo ena m'chaka cha 2025 ndidakhala pakhonde la sitolo ina pa Mbulumbuzi, m'mphepete mwa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba, kudikira kuti foni yanga idzaze moto. Mnyamata wotchaja mafoni ankaliza nyimbo ya gitala wokalipa, ndipo mkulu wina amene adagwirapo ntchito kumigodi ya ku Kitwe adafunsa dzina la oimbawo.

"Ndi a WITCH a ku Zambia, agogo. Chimbale chake n'chatsopano," adayankha mnyamatayo.

Mkuluyo adapukusa mutu nati, "Mwanawe, a WITCH ndidawaona ndi maso angawa, ndipo adatha kalekale. Awa angobwereka dzina. Tsabola wakale sawawa."

Mnyamata uja adatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, tiweruzeni ndinu." Tsiku limenelo sindidaweruze. Ndidayamba ndamvetsera nyimbo zakale ndi zatsopano za gululi, ndipo m'chimangirizo chino ndikuyankha funso limene anthu awiriwa adandisiyira: kodi gulu la oimba likabwerera patapita zaka zambiri, omvera ayenera kuliyeza ndi muyeso wotani?

Tiyambe ndi mbiri yake. Gulu la WITCH lidabadwira ku Kitwe, m'chigawo cha migodi ya kopa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dzinali likuimira mawu a Chingerezi otanthauza kuti anyamatawa adatsimikiza mtima kuyambitsa chipwirikiti. Wotsogolera nyimbo adali Emmanuel Chanda, amene anthu adamutcha Jagari pomuyerekeza ndi Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones la ku England. Iwo pamodzi ndi magulu ena monga Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi adaumba chamba chotchedwa Zamrock, chimene chidaphatikiza magitala a nyimbo za rock ndi kagundidwe ka ng'oma za kwawo. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pawailesi zikhale za m'dzikomo, oimbawa adapeza msika. M'chaka cha 1975 a WITCH adatulutsa chimbale chawo chotchuka cha Lazy Bones!!, ndipo mu 1976 chidatsatira cha Lukombo Vibes.

Koma ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mtengo wa kopa utagwa, ndalama zidasowa m'matumba mwa anthu, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku adapha madansi. Jagari adachoka m'gululi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 napita kukaphunzira ndi kukaphunzitsa nyimbo, ndipo pambuyo pake adakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chodyetsera banja. Otsalawo adatulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984, kenaka gulu lidati zii. Mliri wa Edzi udatenga oimba ambiri a Zamrock, ndipo mwa anyamata onse amene adayambitsa WITCH, Jagari yekha ndiye adatsala.

Kubwerera kwake kudadzera kunja. M'chaka cha 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles idasonkhanitsa zimbale zakale za gululi n'kuzisindikizanso. Mu 2017 Jagari adayenda m'maiko a ku Ulaya akuimba ndi achinyamata a kumeneko, mmodzi mwa iwo Jacco Gardner wa ku Netherlands. Mu 2019 Gio Arlotta wa ku Italy adatulutsa kanema wa mbiri ya gululi. Kenaka mu 2023 padatuluka Zango, chimbale choyamba patatha zaka 39, chojambulidwa ku DB Studios mu Lusaka, komwe adajambulanso Lazy Bones!!. Mu 2025 chidatsatira cha Sogolo, dzina limene aliyense wolankhula Chichewa alimva, pakuti ndi tsogolo lomweli.

Tsono omvera nyimbozi agawika patatu, ndipo gulu lililonse lili ndi choona chake komanso cholakwa chake.

Oyamba ndi akuluakulu onga bambo a ku Kitwe aja. Iwo amati gulu limene latsala ndi munthu mmodzi yekha mwa oyambitsa silingatchedwe dzina lakale. Mfundo imeneyi si yopepuka, chifukwa dzina ndi chuma, ndipo alipo ena amene amadyera maina a akufa popanda kuwonjezapo kanthu. Komabe, tikayang'anitsitsa mbiri, tiona kuti WITCH idasintha nkhope ngakhale kalelo. Zimbale za 1980 ndi 1984 zidatuluka Jagari palibe, ndipo zidali za chamba cha disiko, chosiyana kutalitali ndi magitala a 1975. Patrick Mwondela, woimba kiyibodi amene ali m'gulu la lero, ndi wa m'nyengo yachiwiriyo. Nanga WITCH yeniyeni ndi iti, ya 1975 kapena ya 1984? Ine ndikuganiza kuti chimene akuluakuluwa amalira si oimba ayi, koma unyamata wao. Amakumbukira usiku wa Loweruka, malipiro ali m'thumba, miyendo ili yolimba, anzao onse akadali moyo. Zimenezo palibe woimba angazibweze, pakuti madzi akatayika saoleka. Ndi kulakwira woimba kumuimba mlandu chifukwa choti ife takalamba.

Achiwiri ndi achinyamata a ku Ulaya ndi ku America amene amadzaza mabwalo kumene gululi likuimba, ambiri mwa iwo obadwa WITCH itatha kale. Awa ayenera kuthokozedwa, pakuti popanda makutu ao ndi ndalama zao Jagari akadakalambira kumigodi. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma cholakwa chao n'chakuti kawirikawiri amakonda nthano ya munthuyo koposa nyimbo zake. Nkhani ya woimba wotchuka amene adasanduka wokumba miyala, n'kudzapezedwa ndi alendo, ndi yokoma kuifotokoza, koma imachititsa anthu kuwomba m'manja nyimbo isanayambe. Woimba akayamikiridwa chifukwa choti wapulumuka, ndiye kuti akumveredwa chisoni, osati kulemekezedwa ngati mmisiri. Ndiponso mawu oti "adapezedwa" ndi osokeretsa. Anthu a ku Kitwe ndi ku Lusaka ankamudziwa Jagari zaka makumi anai mlendo asanafike.

Achitatu ndi achinyamata a kuno kwathu, onga wotchaja mafoni uja. Iwo alibe chikumbukiro choti ateteze, choncho amamva nyimbo monga ilili. Umenewu ndi mwayi waukulu. Komatu ambiri adayamba kuifuna Zamrock atamva kuti yatchuka kunja, monga pamene woimba wa ku America Tyler, the Creator adagwiritsa ntchito chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family m'chaka cha 2024. Funso loti adzifunse ndi ili: kodi akadaikonda nyimbo yomweyo akadaimva koyamba pawailesi ya agogo ao?

Popeza magulu atatuwa onse akuyang'ana kumbali, wina kuunyamata wake, wina kunthano, wina kumbiri ya kunja, tiyeni ife tiyang'ane nyimbo zenizenizo. Muyeso wanga ndi umodzi: gulu lobwerera liyenera kubwera ndi kanthu m'manja. Likangobwereza nyimbo zakale kuti litolere ndalama, ndiye kuti likugulitsa chikumbukiro, ndipo mkulu uja wanena zoona. Likapeka zatsopano zimene zikumveka kuti mizu yake ndi yakale, ndiye kuti lili moyo.

Pa muyeso umenewu, a WITCH apambana. Chimbale cha Lazy Bones!! chili ndi moto wa anyamata osaopa kanthu. Gitala wake amalira mosasa mawu, ng'oma zikuthamanga, ndipo zonse zikumveka kuti zidajambulidwa mofulumira ndi zipangizo zochepa. Koma nyimbo zake pafupifupi zonse ndi za m'Chingerezi, ndipo khutu lozindikira limamva mithunzi ya Jimi Hendrix ndi Rolling Stones. Mu Zango ndi Sogolo gitala wosasa uja akadalipo, koma tsopano Chibemba ndi Chinyanja zapatsidwa malo pambali pa Chingerezi. Muli mawu a amayi, Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo, amene amalandizana ndi Jagari monga zimakhalira pamtondo kapena pabwalo la gule, wina kutsogolera ena kuvomera. Mu Zango mulinso Sampa the Great, woimba wamkazi wa ku Zambia wa m'badwo uno. Chodabwitsa n'chakuti gulu la lero, lomwe muli azungu, likumveka la kumudzi koposa gulu la 1975, lomwe lidali la ana a ku Zambia okhaokha. Mnyamata ankafuna kuonetsa kuti angathe kuimba ngati a ku London, pomwe nkhalamba sikufunanso kufanana ndi wina aliyense.

Zofooka zilipo, ndipo wosanthula woona sazibisa. Mawu a munthu wopitirira zaka 70 sangafike pamene ankafika ali ndi zaka makumi awiri. M'nyimbo zina zatsopano magitala amatalikitsa nkhani, ngati kuti akusangalatsa ovina a ku Ulaya, ndipo uthenga umachepa. Ukhondo wa majambulidwe a masiku ano wachotsako kaukali kena kamene kadali m'zimbale zakale. Koma zimenezi ndi zofooka za gulu limene likugwira ntchito, osati za chipiliro chongoimikidwa kuti anthu azichiona.

Mkangano umenewu si wachilendo kwa ife Amalawi. Evison Matafale atamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, ambiri adati gulu la Black Missionaries la ku Chileka lathera pomwepo. Musamude Fumulani adalitsogolera mpaka imfa yake mu 2007, ndipo mng'ono wake Anjiru adalandira udindowo. Nthawi zonsezi adalipo onena kuti awa si Mablaks enieni. Koma gululi lidayankha ndi ntchito, popitiriza kutulutsa zimbale za Kuimba chimodzi pambuyo pa chinzake, ndipo khamu limene limasonkhana ku Chileka pokumbukira Matafale limavina nyimbo zakale ndi zatsopano zomwe. Akadangokhalira kubwereza za Matafale zokha, akadasanduka alonda a manda.

Pali phunziro linanso lowawa. Zimbale za WITCH zidatsitsimuka chifukwa munthu wa ku Los Angeles adazisonkhanitsa. Chimodzimodzinso zambiri zimene dziko lapansi likudziwa za Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka zidasungidwa ndi Gerhard Kubik wa ku Vienna, amene adayamba kuwajambula mu 1967. Nanga nyimbo za Allan Namoko, za Robert Fumulani ndi za gulu la Kalimba tikuzisunga motani? Ngati tidikira kuti mlendo ayambe wavomera tisanayamikire zathu, tidzagula kwa ena chimanga cha m'nkhokwe yathu yomwe. Wophunzira wa Fomu 4 amene ali ndi foni m'thumba angathe lero lomwe kukhala pansi ndi woimba wachikulire wa m'mudzi mwao, kumujambula, ndi kulemba maina, zaka ndi matanthauzo a nyimbo zake. Ntchito imeneyi siifuna ndalama zambiri. Imafuna ulemu ndi kuleza mtima.

Pomaliza, ndibwerere pakhonde la pa Mbulumbuzi paja. Kwa mkulu wa ku Kitwe ndinganene kuti adanena zoona pa chimodzi: WITCH imene iye adaiona siidzabweranso, ndipo ali ndi ufulu woilira. Koma mwambi wake adauika polakwika. Tsabola wakale sawawa akakhala wouma m'chikwatu, koma njere zake zikafesedwa zimabala wina wowawa, ngakhale m'munda mwa mlendo. Kwa mnyamata uja ndinganene kuti asakhutire ndi Sogolo yekha, koma afunefune Lazy Bones!! kuti adziwe kumene njereyo idachokera, ndipo akatero afunse agogo aja kuti amusimbire za usiku umene adawaona anyamatawo akuimba. Mmodzi ali ndi nyimbo m'foni, winayo ali ndi mbiri m'mutu, ndipo aliyense akusowa chimene mnzake ali nacho.