Msampha wa Behe ndi Mulungu Wokhala M'mipata

M'chaka cha 1996 Michael Behe, Mkatolika wophunzitsa sayansi pa Lehigh University ku America, adatulutsa buku lotchedwa Darwin's Black Box. Mfundo yake ndi yakuti m'zamoyo muli ziŵalo zina zimene sizingagwire ntchito kachigawo kamodzi kakasoŵa. Msampha wa makoswe wopanda chofwamphula sugwira khoswe. Chimodzimodzinso kamchira kamene bakiteriya amasambirira. Choncho, akutero iye, zotere sizikadapangika pang'onopang'ono monga adaphunzitsira Darwin, koma padali Mmisiri wanzeru amene adazilumikiza.

Behe sakulakwa pokana anthu amene amati chisinthiko cha zamoyo chatsimikiza kuti moyo ulibe cholinga, pakuti sayansi ilibe muyeso woyesera zimenezo. Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Poyamba, chitsanzo chakecho n'chofooka. Kenneth Miller, Mkatolika mnzake, adaonetsa kuti zigawo zina za kamchirako n'zofanana ndi zimene mabakiteriya ena amabayira ululu. Ndiye kuti chigawo chingathe kugwira ntchito ina chisanaloŵe m'ntchito yake ya lero. Mu 2005 bwalo la milandu ku Pennsylvania, poweruza mlandu wa sukulu za ku Dover, lidagamula kuti chiphunzitsochi si sayansi.

Chachiŵiri ndicho chitikhudza ife ansembe. Behe akufuna Mulungu pamene nzeru za anthu zalekezera. Nanga mpatawo ukadzatsekeka, Mulungu adzasamukira kuti? Thomas Aquinas Woyera, m'njira yake yachisanu, sadayambire pa zozizwitsa ayi, koma pa zinthu zopanda nzeru zimene nthaŵi zonse zimafika pa cholinga chake, monga mbewu imabala zipatso za mtundu wake. Kwa iye Mulungu ndiye Gwero loyamba, wochita ntchito kudzera m'zolengedwa zake. Salimbirana nazo malo.

N'chifukwa chake Papa Pius XII, m'kalata ya Humani Generis ya 1950, adalola kufufuza chiyambi cha thupi la munthu, natsimikiza kuti mzimu aulenga ndi Mulungu mwini. Papa John Paul II mu 1996 adavomerezanso kuti chisinthiko chili ndi umboni wolimba.

Tichenjere tsono pa guwa. Tikamangirira chikhulupiriro cha achinyamata pa kamchira ka bakiteriya, tsiku limene mphunzitsi adzakalongosole m'kalasi, iwo adzayesa kuti Mulungu wagonja.